Mekyule ndi Ulendo Wake: Kuchokera pa Moto Kufika M'mbale

Chimbiya ali pamtunda, m'mbali mwa msewu waukulu wa pakati pa Dedza ndi Lilongwe, ndipo nyanja ili kutali. Komabe tsiku la msika pakhala milu ya usipa, utaka ndi matemba, pakuti mabanja ambiri a m'midzi yozungulira adalira nsomba zouma pa ndiwo. Madzi a mvula imene igwa m'minda ya mbatata ndi chimanga ya dera limeneli atsikira m'mitsinje ya Diamphwe ndi Linthipe, ndipo Linthipe akathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Kotero anthu a kumtunda atumiza madzi kunyanja, ndipo nyanja iwabwezera nsomba. Chimene chatayidwa m'madzi kumtunda chikhoza kubwera tsiku lina chili m'mbale ya ndiwo. Nkhani ino ifotokoza za poizoni wina amene ayenda ulendo wotere. Dzina lake ndi mekyule.

Mekyule n'chiyani?

Mekyule ali m'gulu la zitsulo, monga mkuwa ndi golide, koma asiyana nazo pa chinthu chimodzi: iye ndi wamadzimadzi ngakhale pasakhale moto. Anthu amene anaonapo kagalasi koyezera kutentha kwa thupi ka mtundu wakale adziwa kamzere konyezimira kamene kakwera m'kati mwake wodwala akatentha thupi. Kamzere kameneko ndiye mekyule. Ngwolemera kwambiri, kotero kuti botolo la lita imodzi lodzaza mekyule lilemera makilogalamu oposa 13. Akatayika pansi sanyowetsa dothi monga madzi, koma agawika timipira tating'ono tonyezimira timene tikunkhulika, ndipo ana akonda kusewera nato. Apa mpamene pali ngozi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinthu chachikulu choyenera kukumbukira ndi ichi: mekyule saola, sapsa, ndiponso satha. Chinyalala chikatenthedwa chisanduka phulusa, ndipo ndowe zikakwiriridwa zisanduka manyowa. Mekyule akatenthedwa angosanduka nthunzi n'kukwera m'mwamba, akakwiriridwa angodikira m'nthaka. Iye angosintha malo ndi maonekedwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala khumi oopsa koposa pa moyo wa anthu.

Achokera kuti?

Mekyule wina atuluka yekha m'miyala ndi m'mapiri ophulika moto, koma wambiri amene ali mumpweya masiku ano anatulutsidwa ndi ntchito za anthu. Bungwe la United Nations linawerengera kuti m'chaka cha 2015 chokha ntchito za anthu zinatulutsira mumpweya matani oposa 2,200 a mekyule. Pa magawo 100 alionse, magawo 38 anachokera kwa anthu okumba golide ndi manja, ndipo magawo 21 anachokera ku malasha a pansi amene atenthedwa m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi ndi m'makomo. Malasha amenewa, onga aja akumbidwa ku Moatize m'chigawo cha Tete, amakhala ndi mekyule pang'ono m'kati mwake, ndipo akapsa iye atuluka pamodzi ndi utsi.

Kuno ku Malawi golide apezeka m'mchenga wa mitsinje ingapo. Wa m'chigwa cha Lisungwi anadziwika kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo m'zaka zapitazi anthu ambiri anathamangira ku Makanjira m'boma la Mangochi, ku madera ena a Kasungu ndi Nkhotakota, ndiponso cha ku Nathenje m'boma la Lilongwe, kumene sikuli kutali ndi Chimbiya. M'chaka cha 2021 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inayamba kugula golide kwa anthu okumba ndi manja. Ambiri angosefa mchenga ndi madzi m'beseni mpaka golide atsale pansi, ndipo njira imeneyi sifuna mankhwala. Koma m'maiko oyandikana nawo, monga Zimbabwe, Tanzania ndi Mozambique, okumba ambiri agwiritsa ntchito mekyule, ndipo kabotolo kakang'ono sikavuta kuoloka malire m'thumba la munthu. M'chaka cha 2025 Boma la Mozambique linaimitsa ntchito za migodi m'chigawo cha Manica chifukwa mitsinje ya kumeneko inali itaipitsidwa kwambiri ndi okumba golide.

Kagwiritsidwe kake nkotere. Wokumba athira mekyule m'beseni momwe muli mchenga wa golide, natakasa ndi dzanja. Mekyule agwira tizidutswa ta golide n'kusiya mchenga. Kenaka afinya zonsezo m'kansalu, ndipo patsala kampira kofewa kotuwa, kamene theka lake ndi golide, theka mekyule. Kampirako akaika pa supuni kapena pa chibenthu cha chitini, n'kukawotcha pa makala. Mekyule auluka ngati nthunzi, golide natsala. Pa galamu imodzi iliyonse ya golide amene apezeka motere pataika galamu imodzi kapena awiri a mekyule, ndipo kumene athira mekyule m'chigayo chopera miyala ataya wochuluka kuposa apa. Wina apita ndi madzi otsukira, wina apita ndi mphepo.

M'nyumba namo mekyule apezeka: m'magalasi akale oyezera kutentha kwa thupi, m'mababu a magetsi aja aatali ndi aja opotana, m'mabatire ena ang'onoang'ono onga mabatani, ndiponso m'mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu.

Ulendo wa mumpweya

Nthunzi ya mekyule ilibe mtundu ndipo ilibe fungo. Woyamba kuipuma ndiye wowotcha kampira uja, ndipo ngati awotchera m'khitchini, mkazi wake ndi ana apuma naye limodzi. Pa magawo khumi a nthunzi imene yalowa m'mapapo, pafupifupi asanu ndi atatu alowa m'magazi. Ina imamatira ku zipupa, ku denga ndi ku zovala, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri moto utazima kale.

Nthunzi yotsala ikwera m'mwamba. Kumeneko ikhoza kukhala miyezi isanu ndi umodzi ngakhale chaka chathunthu isanatsike, ndipo pa nthawi yonseyo mphepo iyendetsa mtunda wautali ndithu, kudutsa malire a maiko ngakhale nyanja zamchere. Ndicho chifukwa chake mekyule apezeka ngakhale ku maiko ozizira a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene kulibe fakitale kapena mgodi wa golide. Potsiriza atsika ndi mvula ndi fumbi, ndipo wina atengedwa ndi masamba a mitengo ndi udzu.

Ulendo wa m'nthaka

Akagwa pansi, kapena masamba aja akayoyoka n'kuola, mekyule amamatira ku nthaka yakuda ya pamwamba, ija ya chonde. Mmenemo akhoza kukhala zaka makumi ambiri osasuntha, ndipo chimanga ndi mbatata sizimutenga wambiri ndi mizu yake. Choncho nthaka ili ngati nkhokwe yomusungira.

Zinthu ziwiri zitsegula nkhokwe imeneyi. Choyamba ndi moto wa tchire. Tchire likapsa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mekyule amene anali m'masamba ndi m'nthaka ya pamwamba abwerera mumpweya n'kuyambanso ulendo. Chachiwiri ndi kukokoloka kwa nthaka. Pamene mitengo yatha m'mapiri, pamene mizere yalimidwa chotsetsereka, ndi pamene munda wafika m'mphepete penipeni pa mtsinje, mvula yoyamba ikokolola nthaka ya pamwamba pamodzi ndi zonse zimene inasunga. Aliyense amene anaima pa mlatho wa Linthipe m'mwezi wa Januwale anaona madzi ofiira ngati katondo. Kufiira kumeneko ndiyo nthaka ya m'minda ili pa ulendo wa kunyanja. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Ulendo wa m'madzi

Madzi akafika pa malo odekha, monga m'dambo, m'damu, m'dziwe, kapena pamene mtsinje uthira m'nyanja, dothi lija likhala pansi n'kusanduka matope. M'matope akuda onunkha, momwe mulibe mpweya wabwino, mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilombo timeneti tisanduliza mekyule kukhala mtundu wina umene akatswiri autcha methylmercury. Uwu ndiwo mtundu woopsa kwa anthu akudya nsomba, chifukwa ulowa msanga m'thupi la chamoyo chilichonse ndipo uchedwa kutuluka.

Madzi amene muli poizoni ameneyu aoneka oyera bwino, ndipo iye amakhalamo wochepa kwambiri kotero kuti munthu wosamba kapena kuchapa sapwetekeka naye. Kuopsa kwake kuyamba pamene zamoyo za m'madzi ziyamba kudyana.

Ulendo wa m'nsomba

Ndere ndi tizomera tating'ono toyandama m'madzi titenga poizoni uja. Tizilombo ta m'madzi tidya tizomerato. Usipa ndi utaka zidya tizilomboto. Ncheni ndi kampango zidya usipa ndi utaka. Pa sitepe iliyonse chakudya chigayika, koma poizoni atsalira m'mnofu wa wakudyayo. Kampango mmodzi amene wakhala zaka zambiri wadya tinsomba zikwizikwi, ndipo wasunga gawo lalikulu la poizoni wa tinsomba tonseto. Mwa njira imeneyi nsomba yaikulu yodya zinzake ikhoza kukhala ndi mekyule wochuluka kamiliyoni kuposa madzi amene isambiramo.

Pali malamulo awiri osavuta kuwakumbukira. Nsomba yodya zinzake isunga wambiri kuposa nsomba yodya ndere, monga chambo. Ndipo nsomba yaikulu ndi yokalamba isunga wambiri kuposa yaing'ono. Amayi adziwenso kuti poizoni ameneyu ali m'mnofu weniweni. Kutsuka, kukazinga, kufutsa, kuyanika pa thandala kapena kuwamba pa utsi sikumuchotsa konse.

Munthu akadya nsomba yotere, pafupifupi poizoni yense alowa m'magazi n'kufika ku ubongo. Thupi limuchotsa pang'onopang'ono, theka lake pa miyezi iwiri, kotero munthu wodya nsomba zoipitsidwa tsiku ndi tsiku aunjika poizoni msanga kuposa mmene thupi lake limuchotsera. Kwa mayi woyembekezera poizoni adutsa m'magazi kukafika kwa mwana ali m'mimba, amene ubongo wake ukungoyamba kuumbika. Mayi akhoza kukhala wamphamvu bwino pamene mwana wavulala kale.

Zimene zinachitika ku Minamata

Dziko lapansi linaphunzira zimenezi mwa njira yowawa. Minamata ndi tauni ya asodzi m'dziko la Japan. Kuyambira chaka cha 1932, fakitale ya kampani ya Chisso inali kutayira m'nyanja madzi oipa okhala ndi mekyule. Oyamba kuonetsa zizindikiro anali amphaka, amene anadya zotsala za nsomba. Anayamba kuzungulira ngati openga, kugwa, ndipo ena anagwera m'madzi. Mbalame nazo zinali kugwa. M'mwezi wa Meyi 1956 madotolo analengeza kuti kwabuka nthenda yachilendo pakati pa anthu. Odwala anachita dzanzi m'manja, m'mapazi ndi m'milomo, anayenda modzandira ngati oledzera, analankhula movutika, anagontha, ndipo maso awo anaona kutsogolo kokha osaona za m'mbali. Ana ena anabadwa opuwala ziwalo ndi ubongo. Poyamba anthu anayesa kuti ndi nthenda yopatsirana, ndipo mabanja a odwala anasalidwa. Fakitale inapitirira kutaya madziwo kufikira 1968, chaka chimene Boma la Japan linavomereza poyera gwero la nthendayo. Pofika 2001, anthu 2,265 anali atalembedwa m'kaundula wa Boma kuti anadwala nthendayi, ndipo 1,784 mwa iwo anali atamwalira.

Alimi amve nkhani inanso. M'zaka za 1971 ndi 1972 m'dziko la Iraq munagawidwa mbewu ya tirigu yothira mankhwala a mekyule kuti isachite nkhungu. Mbewuyo inali yopakidwa utoto wofiira, koma inafika mochedwa, nyengo yobzala itatha, ndipo machenjezo a pa matumba analembedwa m'zilankhulo zimene alimi sanadziwe. Ambiri anatsuka utotowo, nagaya, naphika buledi. Anthu oposa 6,000 anagonekedwa m'zipatala ndipo oposa 400 anafera momwemo. Mbewu za masiku ano zithiridwa mankhwala a mtundu wina, koma phunziro lake likadalipo: mbewu ya utoto si ya kuchigayo, ngakhale njala ivute chotani.

Nanga nsomba za m'nyanja ya Malawi?

Apa pali mawu olimbikitsa. Akatswiri amene anayeza nsomba za mitundu yosiyanasiyana za m'nyanja ya Malawi, ndi kufalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2003, anaona kuti mekyule anali wochepa, wosafika pa muyeso umene uyesedwa woopsa kwa anthu. Anaonanso kuti nsomba zikuluzikulu zodya zinzake zinali ndi wochulukirapo kuposa zing'onozing'ono, monga momwe zafotokozedwera pamwambapa. Choncho palibe chifukwa choti banja lileke kugula usipa pa Chimbiya. Usipa, utaka ndi matemba zili kumunsi kwa mzere wa kudyana kuja, zikhala moyo waufupi, ndipo zipatsa ana ndi amayi oyembekezera zakudya zomanga thupi ndi mafupa zimene sangazipeze mosavuta kwina. Kuleka nsomba chifukwa cha mantha kungabweretse matenda a kusowa zakudya m'thupi, amene ali pafupi kuposa nthenda ya ku Minamata.

Koma kuyeza kumeneko kunachitika anthu asanachuluke m'mitsinje ya golide monga achulukira m'zaka zapitazi. Ndipo nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire. Madzi ake ambiri achoka mwa nthunzi dzuwa likawomba, n'kusiya m'mbuyo zimene anabwera nazo. Chimene chalowa m'nyanja yotere chikhalitsa. Kusunga nyanja yoyera nkwapafupi, koma kuyeretsa nyanja yoipitsidwa nkovuta ndiponso kodya ndalama zambiri. Ku Minamata anthu anatchinga doko lawo ndi ukonde kuyambira 1974 kufikira 1997 kuti nsomba zoipa zisatuluke.

Pangano la maiko

Popeza mekyule sadziwa malire, dziko limodzi palokha silingathe kumuletsa. M'mwezi wa Okutobala 2013 maiko anasonkhana ku Japan ndi kusaina pangano lotchedwa dzina la Minamata, pokumbukira anthu aja. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2017, ndipo dziko la Malawi linalivomereza kwathunthu m'chaka cha 2023. Maiko analonjeza kuti sadzatsegula migodi yatsopano ya mekyule, adzaleka kupanga ndi kugulitsana zinthu zambiri zokhala ndi mekyule, monga zoyezera kutentha kwa thupi ndi mafuta oyeretsa khungu, ndiponso adzathandiza okumba golide kuchepetsa mekyule ndi kumuleka kumene kungatheke. Muno m'dziko bungwe loyang'anira za chilengedwe ndi la MEPA, ndipo pa boma lililonse pali mkulu woona za chilengedwe amene mafumu ndi anthu angathe kukamuuza akaona mtsinje ukuipitsidwa.

Zoyenera kuchita

1. Mnyamata wopita ku golide asefe ndi madzi ndi beseni, osagula mekyule. Ngati ali pakati pa anthu amene amugwiritsa ntchito, asamugwire ndi manja, asatsukire mumtsinje, ndipo asaime kumene utsi ukupita. Kuli chipangizo chotchedwa retort, chimene wosula zitini akhoza kupanga ndi mapaipi a chitsulo. Chimenechi chigwira gawo lalikulu la nthunzi ija n'kuibweza m'madzi.

2. Kampira ka golide kasawotchedwe m'nyumba, m'khitchini, kapena pafupi ndi ana ndi amayi oyembekezera. Supuni kapena chiwaya chimene chagwira ntchito imeneyi chisabwererenso ku zophikira. Zovala za kumgodi zisasungidwe m'chipinda chogona.

3. Kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kakasweka, ana atuluke ndipo mazenera ndi zitseko zitsegulidwe. Timipira tija tisasesedwe ndi tsache, pakuti tsache litimwaza. Tikankhidwe ndi pepala lolimba kulowa m'botolo lokhala ndi madzi pang'ono, botololo litsekedwe ndi kuperekedwa kwa a zaumoyo. Lisaponyedwe pamoto, m'chimbudzi kapena m'chitsime.

4. Mababu akutha ndi mabatire zisatenthedwe pamodzi ndi zinyalala, ndipo ana asaswe mababu posewera.

5. Mafuta ndi sopo zoyeretsa khungu, makamaka zija zogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, zipewedwe. Mekyule wake alowa pakhungu n'kukaononga impso, ndipo afikanso kwa mwana woyamwa.

6. Mayi woyembekezera ndi ana aang'ono adye nsomba zing'onozing'ono kawirikawiri. Milamba ikuluikulu yogwidwa m'maiwe ndi m'mitsinje ya kumunsi kwa malo amene okumba athira mekyule aipewe.

7. Mizere ilimidwe mopingasa, udzu wa vetiva ndi mitengo zibzalidwe m'mphepete mwa mitsinje, ndipo tchire lisatenthedwe chifukwa cha mbewa. Nthaka ikakhala m'munda mlimi apindula, ndipo nyanja ipindulanso.

8. Munthu amene wagwira ntchito ndi mekyule akayamba kunjenjemera manja, kutupa nkhama, kuiwalaiwala, kusowa tulo, kupsa mtima pachabe kapena kudzandira, apite kuchipatala msanga ndipo auze dotolo ntchito imene anali kugwira. Abale asafulumire kunena kuti walodzedwa kapena wayamba kachasu. Akaleka msanga kupuma nthunziyo, zizindikiro zina zichepa, koma ubongo ukaonongeka kwambiri subwerera mwakale.

Mawu kwa aphunzitsi

Ana amva msanga za kudyana kwa nsomba akachita sewero. Ana makumi awiri akhale tizilombo ta m'madzi, aliyense atenge njere imodzi ya nyemba, ndiyo poizoni. Ana anayi akhale usipa, ndipo aliyense agwire tizilombo tisanu n'kulanda nyemba zake. Mwana mmodzi akhale kampango, agwire usipa onse anayi. Potsiriza kalasi liwerenge: kachilombo kanali ndi njere 1, usipa 5, kampango 20. Pamenepo mphunzitsi afunse kuti, "Nanga adye kampangoyu ndani?" Ana akayankha funso limeneli, phunziro lalowa, ndipo madzulo adzalifotokoza okha kwa makolo awo.

Golide agulitsidwa tsiku limodzi ndipo ndalama yake itha pa mwezi, koma mekyule amene watayika pomufuna akhala m'nthaka ndi m'matope kufikira nthawi ya adzukulu. Mafumu, aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kufotokozera anzawo nkhani imeneyi pa bwalo, kusukulu ndi pamsika, makamaka anyamata amene akukonzeka ulendo wa ku golide mvula ikatha.